Malo a mbiri yakale ku Mangochi: ana a sukulu tikawaonetse chiyani?

MadamuWaStd7
Moni nonse a m'gulu lino. Ndine mphunzitsi wa pulayimale chakuno kwa Chimwala. Teremu ikubwerayi tagwirizana ndi makolo kuti ana a Sitandade 7 tiwatengeko kukaona malo a mbiri yakale m'boma lathu lomwe lino. Ndalama ndi zochepa, tingokwanitsa galimoto imodzi kwa tsiku limodzi. Chomwe chimandiwawa n'chakuti ana amaloweza za Livingstone, za Johnston, za malonda a akapolo, mayeso n'kukhoza bwinobwino, koma ukawafunsa kuti zimenezi zinkachitikira kuti, amaganiza za dziko lina lakutali. Sadziwa kuti ndi pomwe amadutsa akamaperekeza amayi awo kumsika. Ndiye ndithandizeni, tiyambire pati? Nanga myuziyamu ya pa boma ija, muli zoti mwana n'kutolapo kanthu?

KabazaWaPaMlatho
Madamu, tsikirani pa raundabauti pafupi ndi mlatho, zambiri zili pompo. Chipilala cha wotchi, mzinga, chikumbutso cha anthu a sitima ya Vipya. Ku myuziyamu n'kongoyenda wapansi. Galimoto muikapo pamthunzi ana n'kumazungulira.

MadalaAkwaMponda
Aphunzitsi, mwafunsa bwino. Ndifotokozeko za pa boma popeza ndi pomwe ndinakulira.

Tawuni ino inayamba ngati linga la nkhondo. Mu 1891 Harry Johnston anafika ndi asilikali ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, n'kumanga linga kutsidya kwa Shire moyang'anana ndi mudzi wa mfumu Mponda. Anasankha pamenepa chifukwa m'pamene Shire amatulukira m'nyanja, ndipo amalonda a minyanga ndi akapolo ankawolokera chakonkuno popita kugombe la nyanja ya mchere. Wogwira pamenepa wagwira njira yonse. Lingalo analitcha Fort Johnston, ndipo patapita zaka zochepa analisamutsira pomwe pali boma lero. Ife tili ana, akuluakulu ankanenabe kuti tikupita ku Fort Johnston. Dzina la Mangochi linakhazikika titalandira ufulu.

Chipilala cha wotchi chija anamangira kukumbukira Mfumukazi Victoria yomwe inamwalira mu 1901. Mzinga uli pambali pake unachokera pa sitima yankhondo ya Guendolen, yomwe zitsulo zake zinabwera kuchokera ku Britain n'kudzalumikizidwira konkuno. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Captain Rhoades anaitenga sitimayi kupita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda akuikonza. Amati mkulu wa sitima ya Ajeremaniyo anali bwenzi lake la Rhoades, ndipo uthenga woti nkhondo yayamba unali usanamufike, moti anapalasa bwato kudzamufunsa mnzakeyo ngati waledzera. Mabuku ambiri amaiwerengera nkhaniyi ngati kuomberana koyamba kwa pamadzi kwa Angelezi pa nkhondo imene ija. Ana amaikonda kwambiri nkhaniyi.

Mu myuziyamu, yomwe ili m'nyumba yakale ya Gymkhana Club, anamangamo chifaniziro cha kutsogolo kwa Guendolen, pomwe woyendetsa ankaima. Mulinso zithunzi za sitima zakale ndi zinthu za anthu a m'mbali mwa nyanja. Si yaikulu ngati ya ku Chichiri, koma kwa mwana amene sanalowepo m'nyumba yotere ndi yokwanira. Mukadziwitsiretu kuti mukubwera ndi gulu.

Chisale_Jnr
Madala, ndi ulemu wonse, taonani zomwe mwatchulazo. Johnston, Maguire, Victoria, Rhoades, Guendolen. Wakuda ndi Mponda yekha, nayenso mwamutchula ngati chikwangwani cholozera malo. Ndiye ana akaphunzire kuti mbiri ya Mangochi ndi ya azungu ndi mizinga yawo? Ine ndalama ya mwana wanga sindingaperekere zimenezo.

MadalaAkwaMponda
Mwana wanga, ndatchula zomwe zilipo zoti maso n'kuona. Sindinati ndi zokhazo.

NamweraKwathu
A Chisale akunena zoona mbali ina. Koma yankho lake si kukana kupita, ndi kukwera kuno kumtunda. Fort Mangochi ili m'phiri chakuno ku Namwera, mkati mwa nkhalango ya Mangochi, ndipo asanamangepo linga azungu panali mudzi waukulu wa mfumu Jalasi. Mu 1892 Jalasi anagonjetsa gulu lomwe boma la atsamunda linatumiza, n'kulanda ngakhale mzinga wawo. Zinawatengera mpaka 1895 kuti amuchotse m'phirimo, iye n'kulowera ku Mozambique. Kenako ndi pomwe anamanga linga la miyala lija, lomwe pambuyo pake linakhalapo ndende, ndipo nthawi ya nkhondo ya 1914 ankaphunzitsirapo asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda).

Ndinakwerako ndi amalume anga. Makoma akadalipo, miyala yosanjidwa bwino, yokhuthala moti munthu n'kukhalapo pamwamba. Penapake mizu ya mitengo yalowa pakati pa miyala n'kuikankha, khoma lachita kupendekeka. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumunsi umamvetsa wekha chifukwa chomwe Jalasi anasankhira malo amenewa: wobwera aliyense umamuona akadali kutali. Zimenezi buku silingakuuze.

MadamuWaStd7
Achimwene a ku Namwera, ana a zaka 12 kapena 13 angakwere?

NamweraKwathu
Angakwere ngati mwalawirira m'mamawa ndipo mwatenga madzi okwanira. Koma osaphatikiza ndi pa boma tsiku limodzi, mungowatopetsa. Ndiponso osapita nthawi ya dzinja, udzu umatalika ndipo njira imaterera. Muyambe mwaonekera kwa amfumu a m'munsi mwa phiri, akupatseni munthu wokutsogolerani.

Chisale_Jnr
Eya, izi ndiye ndikufuna. Jalasi ndi Makanjira ndi ngwazi zathu. Maguire yemwe uja anaphedwa ndi anthu a Makanjira mu Disembala 1891, koma linga la kumeneko mpaka lero likutchedwa Fort Maguire. Wogonja ndiye ali ndi dzina pa mapu.

NaphiriWaKuNkope
Achimwene a Chisale, mawu oti ngwazi mwafulumira nawo. Ife agogo athu aakazi ankatiuza kuti amayi awo anabisidwa m'bango usiku wonse, madzi ali m'chiuno, pothawa anthu ogwira akapolo, ndipo mchemwali wawo sanaonekenso. Ankafotokoza misozi ili m'maso, atakalamba kale. Mafumu amene mukuwatamawo analimbana ndi atsamunda, inde, koma china chomwe ankateteza chinali malonda a anthu. Mwana wanga mukamuuza kuti ngwazi basi, mwafafaniza agogo anga.

CheAjusa_Makanjira
Amayi a ku Nkope, ndamva ululu wanu ndipo sindikutsutsa. Ine ndine Myao wa kwa Makanjira. Pempho langa ndi lakuti nkhaniyi isamakambidwe ngati tchimo la mtundu umodzi, chifukwa ana athu amanyozedwa nayo kusukulu. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, ku Karonga kunali Mlozi, kumunsi kwa Shire kunali Apwitikizi ndi anthu awo, Angoni nawo ankagwira anthu pa nkhondo. Ogula anali kugombe, ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Ndipo pakati pa Ayao penipenipo, wamba ambiri anagulitsidwanso. Tinene zonse: kuti mafumu aja anagulitsa anthu, kuti anakana kulandidwa dziko, ndiponso kuti amene anawagonjetsawo atangotha anayamba kukhometsa msonkho ndi thangata.

NaphiriWaKuNkope
Pamenepo ndiye tagwirizana, Che Ajusa. Zonse zinenedwe.

Chisale_Jnr
Ndamva amayi. Koma pa dzina la Fort Maguire sindisintha maganizo.

MphunzitsiWaHistory
Ndilowererepo monga mnzanu wa choko, ndimaphunzitsa kusekondale. Mkangano mwayambitsawu ndi womwe ana ayenera kuumva, osati kuwabisira. Mwana wa Sitandade 7 amatha kumvetsa kuti munthu mmodzi angachite chinthu cholimba mtima ndi chinthu choipa. Amaziona kunyumba.

Koma ndikufuna ndikukumbutseni kuti mbiri ya boma lino siyambira pa Ayao, kapena pa azungu, ngakhale pa Amang'anja. Amayi a ku Nkope, kwanuko ndi kotchuka kwa akatswiri ofukula zakale kuposa momwe anthu a konko amadziwira. Katswiri wina, K. R. Robinson, anafukula kumeneko mapale a miphika ya anthu oyamba kusula chitsulo ndi kulima m'dera lino, a zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mpaka lero mtundu umenewo wa miphika, ukapezeka kwina kulikonse, umatchedwa ndi dzina la Nkope. Palinso mitundu ina ya miphika ya m'nthawi zotsatira yomwe imatchedwa Mawudzu ndi Nkhudzi, mayina a malo a m'boma lomwe lino. Tsono wophunzira za mbiri ku yunivesite amaloweza mayina a midzi yathu, pamene mwana wobadwira pamudzipo sanauzidwepo.

Pa za ulendo wanu, Madamu, ine ndikanati tsiku limodzilo muchite pa boma m'mawa, masana mulowere ku Cape Maclear. Kumeneko kuli manda a amishoni a Livingstonia yoyamba. Anafika mu 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young, ali ndi Dr Robert Laws. Malungo anawatha, Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Kuti a Chisale asadandaule, muwauzenso ana za Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoni imeneyo mu 1881, yemwe anatsala akuyang'anira ntchito pamalopo azungu atachoka. Popita muima pa Mwala wa Mphini, uli m'mbali mwa msewu. Mizere yake inachita kung'ambika yokha ndi nyengo, koma anthu akhala akuulemekeza kuyambira kale, ndipo ndi malo otetezedwa ndi boma. Dziwaninso kuti mandawo ali m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Mufunsiretu ku ofesi yawo za malipiro a ana a sukulu.

NaphiriWaKuNkope
Aphunzitsi, mwandidzidzimutsa. Chaka chatha anyamata akuumba njerwa kuseri kwa nyumba yathu anafukula mapale ambirimbiri, okhuthala, m'milomo mwake muli mizere yojambula ngati ya chipeso. Panalinso zibulumwa zakuda zolemera, zobowokabowoka. Ana anatola n'kumaponyerana, zina zinalowa m'dothi la njerwa. Kapena zinali zimenezo?

MphunzitsiWaHistory
Zikhoza kutheka, amayi. Zibulumwa zolemerazo nthawi zambiri zimakhala zotsalira posungunula chitsulo m'ng'anjo. Zikapezekanso musazisunthe, jambulani ndi foni zili pomwepo, muuze amfumu, uthenga ufike ku ofesi ya DC kapena ku nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala. Pali lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu zotere. Phale likachotsedwa pamalo pake limataya theka la nkhani yake, chifukwa akatswiri amawerenga kuya kwake ndi zomwe lagona nazo limodzi.

Usipa_Fresh
Mukapita ku Cape musaiwale kudyetsa ana nsomba. Koma chambo ndiye musayembekezere, mtengo wake masiku ano ndi wa alendo.

KabazaWaPaMlatho
Chambo chenichenicho chatsala pang'ono kulowa mu myuziyamu momwemo. Ku Malombe kunali chambo chosaneneka, lero ndi kambuzi basi.

MsodziWakale
Mwanena mwamasewera koma ndi nkhani yoona. Ife tinayamba usodzi ndi bwato losema, la mtengo umodzi, ndi mono wolukidwa ndi bango. Bambo anga ankaluka okha ukonde. Lero mitengo ikuluikulu yosemera bwato ikusowa, achinyamata akudziwa injini ndi chilimira. Amene angaluke mono wabwino m'mudzi mwathu ndi owerengeka, onse ndi okalamba. Kodi zimenezi si mbiri? Kapena mbiri ndi mfuti zokha?

Usipa_Fresh
Makoka a maso ang'onoang'ono ndi amene anatha nsomba, madala. Ena mpaka neti ya udzudzu.

MsodziWakale
Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, tikaiyamba pano sititha.

Admin_Gulu
Abale, za nsomba zili ndi malo ake. Tibwerere kwa Madamu.

MwanaWaKuMalindi
Ndikudabwa kuti mpaka pano palibe watchula kutsidya kuno. Kwa Mponda ndi ku Malindi kuli mbiri ya mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA (Universities' Mission to Central Africa). Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, n'kubwera zidutswazidutswa, anthu athu atasenza pamutu m'malo momwe Shire sayendeka, ndipo inalumikizidwira kwa Mponda n'kulowa m'madzi mu 1901. Dzinalo ndi la bishopu yemwe anamira m'nyanja mu 1895. Akatolika nawo, ansembe oyamba a White Fathers anafikira kwa Mponda mu 1889, anakhala osakwana zaka ziwiri n'kuchoka.

Koma chomwe ndalembera si chimenecho. Ndi 1965. Henry Masauko Chipembere anali phungu wa Fort Johnston ndiponso nduna ya maphunziro mpaka pa kusamvana kwa nduna kwa 1964. Bambo ake anali wansembe wa Anglican. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsika ndi amuna pafupifupi 200, n'kulanda boma la Fort Johnston, kutenga mfuti kupolisi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakatsekeredwa pa Liwonde, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe mlatho, ndipo pantoni inali tsidya linalo. Zomwe zinatsatira anthu a kuno sanaiwale: midzi kutenthedwa, anthu kumangidwa, ndipo patapita zaka zochepa anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wonse kupita kundende. Chipembere anamwalira ku America mu 1975. Lero mwana wa ku Malindi akamva dzinali amaganiza za msewu waukulu wa ku Blantyre. Amene anaona zimenezi ndi maso akadalipo, koma akutha chaka ndi chaka.

MadalaAkwaMponda
Mwakhudza pachilonda. Ine ndinali mnyamata wa sukulu. Kutacha m'mawa umenewo amayi anatitsekera m'nyumba, kunja kuli zii, ngakhale wopita kumadzi panalibe. Kwa zaka zambiri dzina limenelo sitinkalitchula, ngakhale kuchipinda. Mpaka lero anzanga ena ukawafunsa amayamba ayang'ana uku ndi uku.

BamboAChikondi
Izi ndi ndale. Ana a pulayimale musawalowetse m'zimenezi. Apite akaone wotchi ndi nyanja abwerere.

MwanaWaKuMalindi
Bambo, papita zaka zoposa 50. Zikhala ndale mpaka liti? Nkhondo ya Jalasi nayo inali ndale pa nthawi yake.

BamboAChikondi
Kusiyana kwake n'koti a nthawi ya Jalasi onse anapita. Awa a 1965, amene anapereka anzawo ndi amene anaperekedwa, ana awo akukhala moyandikana, ena anakwatirana. Mukafukula mosasamala muyambanitsa mabanja. Ndikudziwa chomwe ndikunena.

MphunzitsiWaHistory
Nkhawa ya bambowa ndi yomveka, tisaipeputse. Kwa ana aang'ono n'zokwanira kunena zomwe zinachitika ndi malo ake, popanda kutchula kuti uje ndiye anaulula uje. Koma kujambula mawu a okalamba n'kofunika kuchitike panopa, ngakhale zitasungidwa osaulutsidwa. Munthu afunsidwe kaye ngati akufuna, auzidwe komwe mawu ake apite, ndipo akakana, basi.

Anganga_aFatuma
Ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, ine maso anafooka. Pa chikumbutso cha Vipya musangodutsapo. Sitima imeneyo inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto, kufupi ndi Florence Bay komwe lero timati Chitimba, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Ambiri anali anthu akuda okwera m'chipinda cha pansi. M'bale wa bambo anga anali momwemo, ankabwerera ku ntchito. Maliro tinalira opanda mtembo. Ine ndikafika pa boma ndimaima pamenepo kaye. Anawo muwauze kuti aime mwaulemu, asakwerepo kujambulitsa.

MadamuWaStd7
Zikomo anganga, ndawalemba mawu anuwa ndipo ndikawawerengera ana tikakafika pamenepo.

Nonse mwandithandiza kuposa momwe ndimayembekezera. Ndaganiza motere: ulendo uno tichita pa boma ndi ku Cape Maclear. Ku Fort Mangochi tidzapita nthawi ya chilimwe ndi ana okulirapo. Ndipo tisananyamuke, mwana aliyense ndimupatsa ntchito yokafunsa agogo ake kapena wokalamba wa m'mudzi mwawo nkhani imodzi yakale, alembe m'kope m'chilankhulo chomwe wauzidwira, kaya Chiyao kaya Chichewa.

Chisale_Jnr
Pa mzinga paja mukawauzenso za amtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 ija anthu a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osafuna, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Katundu wopita kumpoto ankadutsa pa Fort Johnston pomwepa. Pa boma pali manda a asilikali a nkhondo imeneyo, osamalidwa bwino, mayina olembedwa pamiyala. Osenza katunduwo anagona m'tchire.

CheAjusa_Makanjira
Apa ndiye a Chisale mwalasa. Ndipo chikumbutso chawo china tili nacho, kungoti sitichiona ngati mbiri: gule wa beni. Mayunifolomu aja, maudindo a usilikali, kuguba kuja, zonse zinachokera kwa anthu omwe anaona perete wa asilikali n'kumusandutsa gule wawo. Madamu, ngati kufupi ndi sukulu yanu kuli gulu la beni, liitaneni lidzavine, kenako wamkulu wawo afotokoze maudindowo.

Ndiwonjezere za kwathu. Anthu akamakamba malo a mbiri amatchula matchalitchi okha, chonsecho Chisilamu chinafika kuno kalekale, ndipo mashehe monga Abdallah Mkwanda ndi Sabiti Ngaunje anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuphunzitsa anthu kuwerenga. M'nyumba zambiri muli mabuku ndi makalata a zilembo za Chiarabu omwe agogo anasiya. Kwathu tinatsegula sutikesi yachitsulo ya malemu agogo, tinapeza mapepala atamangidwa ndi kansalu, m'mphepete monse chiswe chitadya, inki itasanduka yofiirira. Amene akanatha kutiuza kuti analemba ndani ndipo liti anali atamwalira kale. Tinangowakulunga m'pulasitiki.

MphunzitsiWaHistory
Che Ajusa, m'pulasitiki muwachotsemo, amachita thukuta n'kuumba nkhungu. Akulungeni m'pepala loyera louma kapena nsalu ya thonje, muike pouma, pokwera. Ndipo jambulani tsamba lililonse ndi foni pa kuwala kwa masana, zithunzizo mutumizireko abale angapo kuti foni imodzi ikatayika zisathere pomwepo. Amatchalitchi nawonso ali ndi mabuku akale a ubatizo ndi maukwati, momwe muli mayina a midzi ina yomwe inatha. Nawonso ndi ofunika kujambulidwa.

JoniBoy_Mangochi
Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg. Kuno malo ngati amenewa anthu amalipira kuti alowe, achinyamata amalembedwa ntchito yoperekeza alendo. Kwathu alendo amangodutsa pa boma kuthamangira kumahotela a kunyanja. Atati aziima ola limodzi lokha, a kabaza, ogulitsa zosema ndi amalesitilanti onse akanapindula. Fort Mangochi inalowa kale pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO pamodzi ndi malo ena a njira za akapolo. Ndi chuma chimenecho.

NaphiriWaKuNkope
Ndalama ndi zabwino achimwene, koma tikayamba ndi alendo tidzakonza nkhani yokomera alendo. Tiyambe ndi ana athu. Mlendo adzapeze ife tikuidziwa kale.

JoniBoy_Mangochi
Nanga wolambula njira ya kuphiri mumulipira ndi chiyani, amayi? Chikondi chokha sichigula sopo.

NamweraKwathu
Nonse mukunena zoona, koma pali china chofulumira kuposa zonsezi. Nkhalango yozungulira linga ikutha ndi makala, ndipo moto wolusa umadutsa chaka chilichonse. Mitengo ikatha, mvula idzakokolola dothi lomwe lagwira makoma aja. Ndinamvanso wina akunena kuti miyala yosemedwa kale ngati imene ija ndi yabwino pa maziko a nyumba. Ndinamuyankha, koma mtima sunakhale pansi. Anthu okhala m'munsi mwa phiri akapanda kuona kuti malowo ndi awo, palibe mlonda angawateteze.

MsodziWakale
Ine mono ndi nkhafi ya bambo anga ndikadali nazo. Ngati sukulu ya Madamu ili ndi kachipinda kotseka bwino, ndingapereke kuti ana aziona, bola alembepo dzina la mwini wake ndi mudzi.

MadalaAkwaMponda
Maganizo abwino, koma mulembetse kwa ahedi ndi komiti, pakhale kope losainira. Ndinaonapo zinthu zotere zikusowa mphunzitsi wozikonda akangosamutsidwa. Ndipo zikhale zinthu za m'nyumba zomwe eni ake apereka okha. Zofukula pansi ndi za kumanda ayi, zimenezo zili ndi malamulo ake.

BamboAChikondi
Pa za 1965 ndikadali pomwe ndinaima. Koma ngati ndi zojambula n'kusunga, osati kuika pa Facebook, amayi anga angavomere. Ali ndi zaka zoposa 80 ndipo amakumbukira zonse. Wofunsayo akhale munthu wamkulu, osati ana.

MwanaWaKuMalindi
Ndavomera zimenezo, bambo. Ndikulemberani kumbali tigwirizane tsiku. A History, mungatiperekeze? Inu mukudziwa kafunsidwe kake.

MphunzitsiWaHistory
Ndibwera, likhale Loweruka. Bambo a Chikondi, muwafunse amayi ngati akufuna kuyankhula m'Chiyao kapena m'Chichewa, ndiponso ngati akufuna wina wa m'banja akhalepo. Foni yojambulira ndi batire yapadera nditenga ine.